Makamera Awiri, Nkhope Imodzi

Abale anga a pa migodi, ndapempha malo m'nyuzi yathu ino kuti ndikufotokozereni za mlandu umene unandisowetsa tulo kwa masabata ambiri. Si mlandu wa ku khoti ai, kapena wa kwa kapitao. Ndi mlandu wa makamera awiri ang'ono-ang'ono, olowa m'thumba la jekete, ofanana ngati mapasa, ndipo ine ndinayenera kusankhapo imodzi. Ndidziwa kuti ena museka, nimudzati, "Kodi munthu wamkulu, wa ana anai, angabvutike ndi kamera masiku ano pamene foni iri yonse ijambula?" Tamvani kaye. Ndarama zimene ndiri kunena pano nzocokera pansi pa nthaka, ndipo inu mudziwa thukuta lace.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndigwira nchito pa mgodi wa platinamu pafupi ndi Rustenburg. Kumudzi ndimapita kamodzi pa caka, mwezi wa December. Basi icoka ku Johannesburg, idzera ku Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, iwoloka Zambezi pa Tete, ndi kulowa kwathu pa Mwanza, ulendo wa masiku awiri ngati pa malire sipanabvute. Ndikhalako masabata atatu kapena anai, kenaka ndibwerera. Ndiye kuti pa miyezi 12 ya moyo wa ana anga, ine ndionako umodzi. Wamng'ono ndinamsiya ali kukwawa, ndinampeza ali kuthamanga ndi kukalipira mbuzi. Za pakatipo ndinangomva m'makutu.

Nzoona kuti mai a kunyumba ali ndi foni, ndipo amanditumizira zithunzi akapeza ndarama ya bandulo. Koma foni ya pa mudzi iri ndi nchito zambiri: ndiyo tochi, ndiyo wailesi, ndiyo banki. Ikadzaza, ana afufuta zithunzi kuti nyimbo zilowe, ndipo ikagwa m'madzi pa gombe zonse zapita. Mafoni awiri anatha motero pa nyumba pathu, ndipo zithunzi za ubatizo wa mwana wathu wacitatu zinapita nao. Ndiponso zithunzi zotumiza pa foni zimacepetsedwa pa njira, kotero kuti mukati mukatsukitse pa pepala, nkhope zituluka ngati phala. Agogo anga anapita ku Joni m'masiku a Wenela, ndipo anajambulitsa kamodzi kokha m'situdiyo, atabvala suti yobwereka, dzanja liri pa mpando. Cithunzico ciripo kufikira lero m'sutikesi ya amai anga. M'mbali mwace munadyedwa ndi mphemvu, koma nkhope ioneka. Ine wa m'masiku a zithunzi zikwi-zikwi ndinalibe ngakhale cimodzi ca pa pepala ca mwana wanga ali khanda.

Cotero ndinaganiza zogula kamera yoti izikhala kumudzi, osati kuno. Woisunga akhale mwana wanga wacisamba, mtsikana wa zaka 14, wa manja odekha ndi mutu wabwino. Ndigule makhadi awiri osungira zithunzi: lina likadzaza, alipatsire munthu wodziwika wobwera pa basi, ine nditsukitse zithunzi kuno, ndi kubweza khadilo pamodzi ndi zithunzi za pa pepala. Musaganize kuti ndinafuna kutsika nayo pansi. Pa mgodi wathu kamera siloledwa kulowa m'keji popanda cilolezo ca akulu, ndipo amene watopa ndi nchito yace ayese.

Tsono kamera yokhala ku Nkhotakota iyenera kupirira zimene munthu wa ku Nkhotakota apirira: mcenga wa pa gombe umene ulowa ngakhale m'nsima, pfumbi la October, mvula ya January, matope a m'munda wa mpunga, ndi manja a ana anai pamodzi ndi anzao. Makamera ambiri ang'ono ali ndi diso lotuluka kunja ngati khosi la kamba poyatsa, ndi kubwerera pozimitsa. Kambeu kamodzi ka mcenga kakalowa m'menemo, diso likakamira, ndipo nkhani yatha. Mnzanga wa m'cipinda cathu, wa ku Dedza, munthu wokonda kuwerenga za makina, ndiye anandiuza kuti, "Acimwene, inu mufuna ija akuti Tough. Diso lace liyenda m'kati, kuseri kwa galasi, silituluka konse." Nditafufuza ndinapeza kuti za mtunduwo zimene ndikadatha kuzipeza zinali ziwiri. Yoyamba ndi Olympus Tough TG-6, imene inatuluka m'caka ca 2019. Yaciwiri ndi OM System Tough TG-7, ya m'caka ca 2023.

Maina osiyanawo asakusokonezeni. Kampani ya Olympus ya ku Japan inayamba m'caka ca 1919, ndipo inapanga makamera kuyambira 1936. Koma mafoni atalanda msika, inagulitsa nthambi yace ya makamera kwa a Japan Industrial Partners, ndipo pa 1 January 2021 panabadwa kampani yatsopano, OM Digital Solutions, imene inapitiriza nchitoyo. Ziri ngati mgodi wosintha mwini: cikwangwani ca pa geti ncatsopano, koma shafuti ndi yomwe ija. TG-7 ndi mng'ono wace weni-weni wa TG-6, wangosintha mfunda.

Ndiyambe ndi zimene afanana, pakuti ndizo zambiri. Onse awiri alowa m'madzi kufikira mamita 15, ndiwo mapazi 50, kwa ola limodzi, osamwa dontho. Onse apirira kugwa kucokera pa mamita 2.1, ndiko kutalika kwa citseko ca nyumba. Onse mukhoza kuwasanjikiza makilogalamu 100, ndiwo matumba awiri a feteleza, osaphwanyika. Ici ndinacikonda pokumbukira m'mene katundu apanikizidwira m'ngolo ya basi. Onse agwira nchito ngakhale m'cisanu ca madigiri 10 pansi pa ziro, cinthu cimene ife a ku nyanja tiribe naco kanthu, kapena abale athu a ku Lesotho ndiwo angayamike. Diso ndi limodzi-modzi, lokoka cinthu ca patali kanai, kuyambira 25 kufikira 100 monga awerengera ojambula. Batire ndi lomwelo, LI-92B, lojambula zithunzi zopitirira 300 lisanathe moto. Galasi la kumbuyo loonerapo ndi la mainchesi 3 pa onse. Onse atola kanema wa 4K, onse ali ndi kampasi ndi GPS yolemba malo amene munajambulira, ndipo onse ajambula kanthu kakang'ono mutayandikira sentimita imodzi, kotero kuti nyerere ioneka ndi ubweya wace. Ngakhale utoto ndi umodzi, wofiira kapena wakuda. Pa sikelo, TG-6 ilemera magalamu 253, TG-7 magalamu 249. Kusiyana kwace sikufika kulemera kwa pepala limodzi lolembapo kalata.

Onse ali ndi mamegapikiseli 12. Pa mau amenewa ndiime pang'ono, cifukwa mpamene ambiri a ife tikopekera ndi manambala akulu-akulu olembedwa pa mabokosi a mafoni. Cithunzi ca makina awa cipangidwa ndi timadontho, ndipo megapikiseli imodzi ndiyo timadontho miliyoni imodzi. Mamegapikiseli 12 ndiwo timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Cithunzi ca pa pepala ca msinkhu wa positikhadi, masentimita 10 kwa 15, cifuna timadontho tongopitirira pang'ono mamiliyoni awiri kuti cioneke bwino lomwe. Ndiye kuti 12 akwana ndi kutsala, ngakhale mufune cacikulu copacika pa khoma. Mnzanga wa ku Dedza anandiuzanso kuti kamera yoyamba ya mtundu uwu wopanda filimu inapangidwa m'caka ca 1975 ndi Steven Sasson wa ku kampani ya Kodak. Inalemera makilogalamu 3.6, inali ndi timadontho 10,000 tokha, ndipo inatenga masekondi 23 kulemba cithunzi cimodzi pa kaseti. Munthu akamva zotere aleka kudandaula.

Ndisabise cofooka cao, pakuti naconso afanana. Kacipangizo kolandira kuwala m'kati mwao nkakang'ono kwambiri, kosafika cikhadabo ca kacala kotsiriza. Masana panja zithunzi ziwala bwino. Usiku m'nyumba ya koloboi zituluka ndi timcenga-mcenga, ndipo foni yodula ikhoza kuwapambana. Wofuna kujambula madansi a usiku agule cina. Ine ndinafuna ana a masana.

Pofika apa ndinali nditaona kuti cithunzi ca TG-6 ndi ca TG-7 ncimodzi. Mtengo ndiwo sunali umodzi. Pamene anatuluka ku America, TG-6 inagulidwa madola 450, ndipo TG-7 madola 550. Koma kwa ine kusiyana kunali kwakukulu koposa apo, cifukwa TG-6 yatsopano sindinaipeze m'masitoro amene ndinafunsa. Imene inalipo inali ya munthu wina wa ku wekishopu ya pa mgodi, amene anakhala nayo zaka zinai, napita nayo kawiri ku nyanja ya mcere ku Durban pa chuthi. Inali yofiira, yosakandika kweni-kweni, m'bokosi lace, ndipo anafuna pafupi-fupi theka la mtengo wa TG-7 ya m'sitoro. Theka lotsalalo, nditaliwerenga m'ndarama za kwathu, linali malata a khichini ya mai a kunyumba, amene ndinalonjeza December wathayo pamaso pa apongozi.

Loweruka lina ndinakwera takisi kupita ku sitoro ya makamera ku Johannesburg, ndipo mnyamata wogulitsa anandiwerengera zatsopano za TG-7 pa zala. Anati itola kanema woimirira, wokwana bwino pa foni. Anati iri ndi njira zojambulira pa malo omanga, pamene pali pfumbi ndi mdima, zothandiza akapitao a zomanga-manga. Anati pogwirira anapakonza kuti isaterereke m'manja. Ndinabvomera zonse ndi mutu, koma mumtima ndinati, pa izi palibe coyenera lata ngakhale limodzi.

Cimene cinandigwira mtima ndi rimoti. TG-7 ilola kacipangizo kopanda cingwe, RM-WR1, kogula padera, kamene mungajambulire muli patali. Mudziwa inu kuti pa zithunzi za banja, wosowa nthawi zonse ndi amene wagwira kamera, ndipo pa December ameneyo ndine. Kodi bambo wosowa miyezi 11 asowenso pa cithunzi? Ndinatembenuka naco usiku wonse. M'mawa mwace mnzanga anandionetsa kuti makamera onse awiri ali ndi kawochi kodikira masekondi 12 asanajambule: muika kamera pa mtondo wobvundikira, mudina batani, muthamanga kukaima pakati pa ana. Munthu amene athamangira keji ya m'mawa tsiku ndi tsiku sangalephere mapazi khumi pa masekondi 12. Za rimoti zinathera pomwepo.

Panatsala kanthu kamodzi, ndipo mpamene panagona nkhani yonse: tizitseko. Kamera iri yonse mwa awiriwa iri ndi tizitseko tiwiri, kena pansi kotsekera batire ndi khadi, kena pambali kotsekera pobaira cingwe ca chaja. Kali konse kali ndi maloko awiri, ndipo m'kati mwace muli kamphira kozungulira, konga kamene kali pa cibvundikiro ca fulasiki ya tiyi. Kamphira kameneko ndiko kaletsa madzi. Mamita 15 aja olembedwa pa bokosi atsamira pa iko. Ife a pansi tiidziwa mphira: tidziwa m'mene paipi ya mpweya ionekera yabwino kunja kufikira tsiku limene iphulika, ndi m'mene jombo zing'ambikira popindika. Mphira ikalamba ngakhale muisunge m'bokosi. Eni ace opanga makamerawa alangiza m'buku lao kuti mphirazo zisinthidwe caka ndi caka, ndi kuti kamera ikacoka m'madzi a mcere ibviikidwe m'madzi abwino isanaume. Acenjezanso kuti tsitsi kapena mcenga wotsalira pa mphira ukhoza kulowetsa madzi.

Ndinabwerera kwa mwini TG-6 ndi mafunso. Kodi mphira anasinthitsapo? Iai. Kodi pocoka ku Durban anaibviika m'madzi abwino? Anati aganiza kuti anatero. Ndinatsegula tizitseko, ndinaunika ndi nyali ya foni, ndipo mphira inaoneka yabwino. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinati tiimize m'ndowa ya madzi ola limodzi, ikatuluka yamoyo ndilipira pomwepo. Anakana, ndipo sindimnena, pakuti ikadafera m'ndowamo wotaya akadakhala iye. Anati agulitsa voetstoots, mau a kuno otanthauza kuti watenga watenga. Dziko lino liri ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la caka ca 2008, limene lipatsa munthu miyezi 6 yobweza katundu wopezeka ndi cirema, kuti amkonzere, amsinthire, kapena ambwezere ndarama. Koma lamulo limenelo ligwira ocita malonda. Siligwira mnzako wokugulitsa cinthu cace kuseri kwa wekishopu.

Tsono kuseri kwa kacitseko ka pambali kuli kusiyana kumene mnyamata wa m'sitoro uja anachula potsiriza, ngati kanthu kacabe. TG-6 ichajidwa ndi cingwe cakale ca micro-USB, ca kamutu kopapatiza mbali imodzi. TG-7 ichajidwa ndi USB-C. Tikawerengera lero lokha, yakale ipambana, pakuti kumudzi zingwe zakalezo ziri mbwee. Timafoni tambiri ta mabatani tidya zomwezo, ndipo pa msika muzipeza pa benchi liri lonse. Koma ine ndinafuna kamera yofika nayo ku ukwati wa mwana amene aisunga. Maiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union analamula kuti kuyambira pa 28 December 2024 mafoni ndi makamera atsopano ogulitsidwa kumeneko akhale a USB-C, ndipo ngakhale a Apple anasintha iPhone yao m'caka ca 2023. Mafakitale akatembenuka, misika yathu itsata m'mbuyo. Foni imene ndinagulira mai a kunyumba ndi ya USB-C kale. Pa nyumba pathu moto ucokera ku kasola ka pa denga, ndipo cingwe cimene sicisowa ndi ca foni ya amai, pakuti cimeneco sacibwereketsa kutali. Kamera yodya cingwe comweco sidzagona ndi njala.

Ndiponso pali ici, cimene sicilembedwa pa bokosi. Cingwe cakale cilowa mbali imodzi yokha. Mukacitembenuza cikana, ndipo mwana akakanidwa akankha. Ndaona mafoni ambiri m'komboni muno akufa pakamwa cifukwa ca kukankha kwa mumdima. USB-C ilowa mbali zonse ziwiri. Foni ikafa pakamwa, mnyamata wa pa msika aikonza ndi kacitsulo kace kamoto. Koma kamera yomatidwa kuti isamwe madzi, akaitsegula pa benchi, musadzapite nayonso ku nyanja.

Lamulungu madzulo ndinaimbira mai a kunyumba, pakuti malata anali ao. Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera inu. Anakhala cete kanthawi, kenaka anati, "Bambo, cithunzi sicitseka mvula." Ndinati, "Nzoona, Mai." Anati, "Nanga yochipayo yalakwanji?" Ndinanena za mphira. Anafunsa ngati yatsopano singaikidwe. Ndinati ingaikidwe kwa okonza ace, koma kutumiza ndi kulipira kudya gawo la zimene tapulumutsa, ndipo batire la zaka zinai nalonso latopa. Pamenepo anaseka, nati, "Mwana wanuyo mumdziwa. Mukampatsa cinthu nimumuuza kuti cilowa m'madzi, mawa lomwe ali naco m'bwato la amalume ace. Mukamuuza kuti sicilowa, alongo ace ayesa kuti aone." Ndipo anatsiriza ndi mau awa: "Ngati mugula, gulani kamodzi. Koma khichini caka ca mawa, popanda nkhani ina."

Ndinagula TG-7, yofiira, kuti ikagwa m'udzu ioneke. Ndinalipira pang'ono-pang'ono miyezi itatu, mwa njira imene masitoro a kuno acha lay-by, ndi kuonjeza mashifiti a Loweruka. Ndinacita dala kuitenga mu September, kuti miyezi ya lamulo ija iyambe kamera ikali m'manja mwanga kuno, pafupi ndi sitoro, pakuti lisiti liribe mphamvu m'sutikesi ku Nkhotakota. Tsiku loyamba lomwe ndinaimiza m'ndowa ola lathunthu, anzanga a m'cipinda atazungulira ngati pa maliro. Inatuluka yamoyo. Ndinagulanso batire laciwiri, makhadi awiri, ndi lamba woyandama wa pa dzanja. Ici musaiwale inu a ku nyanja, pakuti kamera imeneyi siopa madzi koma sidziwa kusambira. Ikapulumuka m'manja imira ngati mwala.

TG-6 ija inagulidwa ndi mnzanga wa ku Dedza, ndipo sanalakwe. Kwao kulibe nyanja, kuli mapiri ndi mbatata ya kacewere. Kamera aisunga yekha, m'thumba lace, ndipo aiyesa yosalowa m'madzi, yongopirira mvula ndi pfumbi. Pa nchito yotero mphira yokalamba ikwana, ndipo theka la ndarama linatsala kwa iye. Lamulungu lina mu October tinatuluka kunja kwa tauni, tinajambula mapiri a Magaliesberg ndi mitengo ya jakaranda iri ndi maluwa, yense ndi yace, titaima malo amodzi. Titatsukitsa tinasakaniza zithunzizo pa bedi, ndi kuitana anthu a m'zipinda zoyandikana kuti asiyanitse. Anakangana kufikira nsima inazizira, ndipo palibe anakhoza. Ngakhale ife eni ace tinacita kuyang'ana manambala a kumbuyo. Kucokera tsiku limenelo amandiseka kuti ndinagula mphira ya mtengo wa khichini. Ine ndimamuyankha kuti adzabwere nayo yace ku Nkhotakota tikaone.

Pa December ndinakhala masiku awiri kuphunzitsa mwana. Za kujambula sanafune mphunzitsi, anandipambana tsiku lomwelo. Cimene ndinalimbikira ndi tizitseko: asatsegule ndi manja onyowa, asatsegulire pa gombe, asanatseke ayendetse maso pa mphira kufuna tsitsi ndi mcenga, ndipo maloko onse akhale otseka asanayandikire madzi. Ndinamcititsa kakhumi ine ndiri kuyang'ana, monga aticititsira ndi cipangizo copumira ca pa lamba tisanaloledwe kutsika pansi. Anati, "Bambo, ndamva," ndi nkhope ya amai ace. Cithunzi ca pa mtondo tinajambula tsiku la Khirisimasi. Ndiri wefu-wefu, kolala yapotoka, koma ndiripo.

Khadi loyamba linafika mu April ndi mphwanga wina wobwera pa basi kudzafuna nchito, atalikulunga m'pepala la shuga ndi kulisokera m'kolala ya malaya. Munali zithunzi zopitirira 600. Pafupi-fupi zana zinali za mbuzi. Zina zinali za diso la cambo lojambulidwa pafupi kwambiri, za mapazi a anthu pansi pa madzi, ndi za amai anga ali m'tulo pa mkeka, zimene akadzaziona padzakhala mlandu. Koma munalinso wamng'ono uja tsiku loyamba kupita ku sukulu ya mkaka, malaya ali kufika m'maondo. Munali mpunga uli wobiriwira, kenaka uli kubereka. Munali wacitatu ali kuonetsa dzino lace pa cikhato, pakamwa pali mpata. Ndinasankha 40 ndi kutsukitsa, 20 za pa khoma la pa bedi langa, 20 zobwerera kumudzi. Pa zambiri mwa izo, kumbuyo kwa anawo, khichini ioneka bwino lomwe ndi denga lace la udzu, ndipo pa cimodzi mai a kunyumba aima pa khomo pace, aloza m'mwamba ndi cala, maso ali pa kamera.